Michere ya m'madzi ofululira mowa kunyumba: mafunso ndi mayankho

Mowa wa chimera cha balere ndi hops (maluwa owawitsa ndi kununkhiritsa mowa) umakhala ndi madzi oposa magawo 90 pa 100 alionse. Chodabwitsa n'chakuti ofulula ambiri a kunyumba amasankha chimera mosamala, hops amayeza pasikelo, yisiti amaisunga pozizira, koma madzi amangotunga n'kuthira mumphika. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amafunsa akayamba kukayikira madzi awo.

Kodi n'kofunikadi kuthira michere m'madzi ofululira?

Si nthawi zonse. Alipo anthu amene madzi awo amagwirizana kale ndi mowa umene amaukonda, ndipo amafulula wabwino osathiramo kanthu. Koma madzi amodzi sangayenerere mowa uliwonse. Mukaona kuti mowa wanu wakuda umatuluka bwino pomwe woyera umakhala wokhakhala kukhosi, kapena mwawonjezera hops koma kuwawa kwake sikukumveka bwino, madzi ndiwo oyamba kuwakayikira.

Michere imagwira ntchito ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa kuyambira pachiyambi. Yoyamba ndi kukonza pH (muyeso wa asidi: asidi akachuluka, nambala yake imatsika) ya phala la chimera kuti sitachi asanduke shuga bwinobwino. Yachiwiri ndi kukometsa, monga mmene mchere umachitira m'chakudya. Yoyambayo ndiyo yaikulu. Ambiri amathamangira yachiwiri chifukwa ndiyo yosangalatsa kukambirana, n'chifukwa chake amakhumudwa.

Ndiyambire pati?

Musanagule mchere uliwonse, chotsani klorini. Madzi a m'mipopi amathiridwa klorini kapena chloramine kuti aphe majeremusi, ndipo mankhwala amenewa akakumana ndi zinthu za m'chimera amapanga ma chlorophenol. Lilime la munthu limawamva ngakhale atakhala ochepetsetsa: mowa umanunkha ngati mankhwala a kuchipatala kapena pulasitiki wopserera. Palibe mchere, ngakhale gypsum (calcium sulfate), umene ungabise fungo limenelo. Klorini wamba amachoka mukawiritsa madzi kapena mukawasiya usiku wonse m'ndowa yosavundikira, koma chloramine ndi wamakani, sachoka motero. Piritsi limodzi la Campden, lomwe ndi metabisulfite, limachotsa onse awiri ndipo limakwanira malita pafupifupi 75. Liphwanyeni, takasani m'madzi, ndipo m'mphindi zochepa ntchito yatha. Sefa ya makala nayo imathandiza ngati madzi akudutsamo pang'onopang'ono.

Kenako dziwani zimene zili kale m'madzi anu. Amene amagawa madzi amakhala ndi lipoti lake, ndipo madzi a pachitsime kapena pamjigo mukhoza kukawayezetsa ku labotale. Kuthira michere osadziwa poyambira n'kungolota. Ngati lipoti silikupezeka, njira yosavuta ndi kugwiritsa ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis) kapena otchezedwa, amene alibe michere pafupifupi konse, n'kuyamba kuwerengera kuchokera pa ziro.

Chenjezo limodzi: madzi odutsa m'makina ofewetsera madzi a m'nyumba sayenera. Makina amenewa amachotsa kashiamu n'kuikamo sodium, pomwe bicarbonate amamusiya momwemo. Ndiye kuti achotsa chimene mumachifuna, n'kusiya chimene chimakuvutitsani.

Pa lipoti pali manambala ambiri. Ndiyang'ane ati?

Asanu ndi limodzi okha, onse amalembedwa mu ppm, kutanthauza mamiligalamu pa lita imodzi.

Kashiamu ndiye mwini nkhani. Amatsitsa pH ya phala, amateteza enzyme yodula sitachi yotchedwa alpha-amylase kuti isafe msanga ndi kutentha, amathandiza mapuloteni kuundana pophika, amathandiza yisiti kugwirana n'kutsikira pansi kuti mowa uyere, komanso amagwira oxalate wa m'chimera asanakafike m'botolo. Ofulula ambiri amafuna pakati pa 50 ndi 150 ppm. Iye payekha samveka kwenikweni pakamwa.

Magnesium amachita zofanana ndi kashiamu koma mofooka. Yisiti imamufuna, koma chimera chimakhala naye wokwanira kale. Pakati pa 10 ndi 30 ppm palibe vuto. Akachuluka mowa umawawa moipa, ndipo akapitirira kwambiri amatsegula m'mimba. Ine ndimaona kuti mchere wa Epsom, womwe ndi magnesium sulfate, anthu ambiri sakuufunikira.

Sodium pang'ono amapangitsa mowa kumveka wodzaza ndi wotsekemera. Akadutsa 150 ppm mowa umayamba kumveka mchere, makamaka ngati sulfate nayenso ndi wambiri.

Sulfate amanola kuwawa kwa hops ndipo amachititsa kuti mowa uume msanga pakamwa mukameza. Chloride amachita mosiyana, amakweza kukoma kwa chimera ndipo mowa umamveka wofewa, wonenepa. Dziwani kuti chloride si klorini uja wophera majeremusi. Ndipo ngati lipoti lalemba SO4-S, chulukitsani nambalayo katatu kuti mupeze sulfate weniweni.

Wachisanu ndi chimodzi ndi bicarbonate, amene malipoti ambiri amamusonyeza ngati alkalinity. Ameneyu ndiye amalimbana ndi asidi wa m'phala n'kukankhira pH m'mwamba. Ngati alkalinity yalembedwa "as CaCO3", chulukitsani ndi 1.22 kuti mupeze bicarbonate. Zoyera zija zimene zimamatirira mkati mwa ketulo, zolimba ngati chigoba cha dzira, ndi chizindikiro choti madzi anu ali naye wambiri pamodzi ndi kashiamu.

Yang'ananinso ayironi. Akapitirira pang'ono pokha, mowa umamveka ngati mwanyambita chitsulo, ndipo palibe mchere wokonzera zimenezo. Madzi otere asefedwe kapena asiyidwe.

N'chifukwa chiyani pH ya phala ili yofunika chonchi?

Muyeso wa pH unabadwira m'nyumba yofululira mowa. Søren Sørensen anaufotokoza mu 1909 akugwira ntchito ku labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, pofufuza mmene ma enzyme amagwirira ntchito. Ma enzyme a m'chimera, amene amadula sitachi kukhala shuga, amagwira bwino phala likakhala pakati pa 5.2 ndi 5.6, mukayeza litazizira. Likakwera kufika cha ku 5.8 kapena 6, shuga amatuluka wochepa, makoko a chimera amatulutsa ma tannin amene amakhwinyata lilime, kuwawa kwa hops kumakhala kokanda, ndipo mowa woyera umadera. Likatsika kwambiri, mowa umapyapyala n'kumamveka wowawasa.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri: pH ya madzi a pampopi siikuuzani zambiri. Madzi awiri akhoza kukhala pa 7.8 onse, koma ena akakumana ndi chimera amagonja msanga n'kutsika, ena amakana. Chimene chimawasiyanitsa ndi alkalinity.

Chimera nacho chili ndi mbali yake. Chimera choyera chikaviikidwa m'madzi opanda michere chimakhazikika cha ku 5.7 kapena 5.8. Chimera chokazinga ndi cha caramel chili ndi asidi wambiri, motero chimakokera pH pansi. Kashiamu ndi magnesium akakumana ndi phosphate wa m'chimera amatulutsa asidi, nawonso amakokera pansi. Bicarbonate amakokera m'mwamba. pH ya phala ndi pamene mbali zitatuzi zagwirizanirana.

Katswiri wa ku Germany Paul Kolbach ndiye anaika zimenezi m'masamu, ndipo zimene anapeza zimatchedwa residual alkalinity, kutanthauza alkalinity yotsala kashiamu ndi magnesium akagwira ntchito yawo. Mumatenga alkalinity yolembedwa "as CaCO3", n'kuchotsapo kashiamu wogawidwa ndi 1.4, n'kuchotsanso magnesium wogawidwa ndi 1.7. Yankho likakhala pafupi ndi ziro kapena pansi pake, madziwo ndi a mowa woyera. Likakhala lokwera, ndi a mowa wakuda.

Madzi anga ali ndi alkalinity yambiri. Ndingothira gypsum wambiri?

Ayi, ndipo masamu a Kolbach omwewo akusonyeza chifukwa chake. Tinene kuti madzi anu ali ndi alkalinity 200, kashiamu 40, magnesium 10. Yotsala ndi pafupifupi 165. Kuti muifafanize ndi kashiamu yekha mufunika kuwonjezera 230 ppm, ndiye kuti galamu yathunthu ya gypsum pa lita iliyonse. Galamu imeneyo ibweretsanso sulfate woposa 550 ppm. pH mwaikonza, koma mowawo udzamveka ngati mwala.

Alkalinity imachotsedwa ndi njira zina. Mukhoza kusakaniza madzi anu ndi a RO: theka ndi theka, manambala onse atsika ndi theka. Mukhoza kuwawiritsa, kuwasiya azizire, n'kukhuthula a pamwamba mosamala, kusiya zoyera zimene zadikha pansi. Njira imeneyi imachotsanso kashiamu, ndiye muyenera kumubwezera. Kapena thirani asidi wa zakudya. Mililita imodzi ya lactic acid wa 88% imachotsa alkalinity pafupifupi 55 mpaka 60 ppm m'malita 10. Akachuluka amayamba kumveka ngati mkaka wosasa, n'chifukwa chake ena amakonda phosphoric acid amene samveka. Palinso chimera chokhala ndi asidi kale, chimene ofulula a ku Germany amagwiritsa ntchito: gawo limodzi pa 100 a chimera chonse limatsitsa pH ndi pafupifupi 0.1.

Galamu imodzi imawonjezera zochuluka bwanji?

Manambala awa ali mu ppm, ndipo ndi a galamu imodzi ya mchere m'malita 10 a madzi. Gypsum amapereka kashiamu 23 ndi sulfate 56. Calcium chloride wa mtundu wa dihydrate amapereka kashiamu 27 ndi chloride 48, pomwe wouma kotheratu, wa anhydrous, amapereka 36 ndi 64. Mchere wa Epsom umapereka magnesium 10 ndi sulfate 39. Mchere wa patebulo umapereka sodium 39 ndi chloride 61. Soda wophikira amapereka sodium 27 ndi bicarbonate 73.

Tiyeni tiyese ndi malita 30 a madzi a RO. Mukufuna mowa woyererapo wotchedwa pale ale, womveka hops. Magalamu 9 a gypsum akupatsani kashiamu 70 ndi sulfate 167. Magalamu 3 a calcium chloride dihydrate awonjezera kashiamu 27 ndi chloride 48. Pamodzi muli ndi kashiamu 97, sulfate 167, chloride 48. Basi, madzi akonzeka, ndi michere iwiri yokha. Mukafuna mowa womveka chimera, tembenuzani: magalamu 3 a gypsum ndi 6 a calcium chloride akupatsani kashiamu 77, sulfate 56, chloride 96.

Ngati mukugwiritsa ntchito madzi a pampopi, kumbukirani kuphatikiza zimene zilimo kale. Kuwonjezera n'kosavuta, kuchotsa mchere umene wasungunuka kale n'kosatheka, kupatula kuthiramo madzi ena.

Ndamva za kufananiza sulfate ndi chloride. N'zoona?

N'zoona pang'ono. Sulfate akaposa chloride kawiri kapena katatu, mowa umauma ndipo hops amaluma. Chloride akatsogola, mowa umafewa. N'chifukwa chake ofulula mowa wa hops wambiri wooneka ngati chifunga, uja wotchedwa New England IPA, amakweza chloride kwambiri. Koma kufananizako pakokha kumanyenga. Madzi a sulfate 10 ndi chloride 5 ali pa 2 kwa 1, monganso madzi a sulfate 300 ndi chloride 150, koma oyambawo simumva kanthu, achiwiriwo adzaza pakamwa. Yang'anani manambala enieniwo. Ndipo musakweze onse awiri nthawi imodzi poganiza kuti mupeza zabwino za mbali zonse. Safafanizana, amangounjikana.

Bwanji ndingokopera madzi a ku Burton kapena ku Pilsen?

Mbiri yake ndi yeniyeni. Zitsime za ku Burton upon Trent ku England zimatunga madzi odutsa m'miyala ya gypsum, okhala ndi sulfate mazanamazana a ppm. M'zaka za m'ma 1800 pale ale ya kumeneko inatchuka kwambiri, mpaka ofulula a m'mizinda ina anayamba kuthira gypsum m'madzi awo, ndipo mchitidwewu mpaka lero umatchedwa Burtonisation. Ku Pilsen, m'dziko la Czech, madzi ndi opepuka kwambiri, ndipo mu 1842 Josef Groll anafulula kumeneko lager yoyera imene dziko lonse linaitsanzira. Ku Munich madzi ali ndi carbonate wambiri, ndipo kwa nthawi yaitali mowa wa kumeneko unali lager yodera.

Vuto lili pa matebulo amene amafalitsidwa akuti "madzi a mzinda wakutiwakuti". Mzinda umodzi umakhala ndi zitsime zosiyanasiyana, ndipo ofulula akale sankangotunga n'kuthira. Ankawiritsa madzi, ankathira laimu, ankasiya phala likhale nthawi kuti lipange asidi wake. Mukakopera tebulo la Munich n'kuthira bicarbonate yense, mwadzibweretsera vuto limene eni ake ankalimbana nalo kuti alichotse. Mukakopera sulfate yense wa ku Burton, anthu ambiri sangamalize kapu. Tengani phunziro lake lokha: pale ale imakonda sulfate, pilsner imakonda madzi opepuka, mowa wakuda umapirira alkalinity. Manambala mudzipangire nokha molingana ndi chimera chanu.

Nanga mowa wakuda? Ndithire choko kapena soda?

Choyamba yezani, chifukwa mwina simufunika kanthu. Ngati madzi anu ndi opepuka ndipo chimera chokazinga ndi chambiri, pH ikhoza kugwa pansi pa 5.2, ndipo stout yake imamveka yopyapyala ndi yowawasa. Ambiri amaona kuti mowa wakuda umakoma phala likakhala cha ku 5.4 mpaka 5.6.

Mabuku akale amati thirani choko, yemwe ndi calcium carbonate. Muyeseni m'kapu ya madzi muone: madzi amayera ngati mkaka, mukawasiya pang'ono ufa wonse wakhala pansi. Sasungunuka pokhapokha m'madzimo mutakhala mpweya wa carbon dioxide wambiri, ndipo ngakhale m'phala amagwira ntchito mochedwa ndi mosadalirika. Soda wophikira amasungunuka pomwepo ndipo amachita zimene mwawerengera. Ingoyang'anirani sodium amene akubwera naye. Njira ina ndi kusunga chimera chokazingacho n'kuchithira chakumapeto, phala litamaliza ntchito yake.

Soda asalowe m'madzi otsukuluzira chimera, amene mumathira pa chimera pomaliza kuti atsuke shuga wotsala. Amalowa m'phala mokha.

Michere ithiridwe nthawi yanji?

Gypsum ndi calcium chloride zithireni m'madzi musanathire chimera, ndipo takasani mpaka zitasungunuka. Gypsum amachedwa, ndipo lita imodzi singasungunule oposa magalamu awiri kapena kupitirira pang'ono, choncho musamuunjike m'kapu ya madzi ochepa. Calcium chloride amasungunuka msanga ndipo amatenthetsa madzi.

Madzi otsukuluzira amafuna chisamaliro chawo. Shuga akamatha m'chimera, mphamvu yake yogwira pH imathanso, ndipo madzi a alkalinity yambiri amakweza pH kudutsa 6. Akakhalanso otentha kuposa madigiri 77, ma tannin amatuluka ochuluka. Thiranimo asidi pang'ono kuti akhale pansi pa 6, kapena gwiritsani ntchito a RO.

Michere yongokometsa ikhoza kulowa mumphika wophikira. Zimenezi zimathandiza ngati mukufuna sulfate wambiri koma pH ya phala ili kale pabwino.

pH ndiyeze bwanji?

Dikirani mphindi 10 kapena 15 mutasakaniza chimera ndi madzi. Tungani pang'ono m'kapu, ziziritsani mpaka madigiri 20 kapena 25, ndiye muyeze. Phala lotentha limasonyeza nambala yotsika ndi 0.2 kapena kupitirira, komanso limawononga kachipangizo koyezera. Kachipangizoko kakonzedwe ndi madzi ake a pH 4 ndi pH 7 tsiku lofulula lomwelo. Timapepala tosintha mtundu timangokupatsani chithunzithunzi, ndipo m'mowa wakuda mtundu wake suoneka n'komwe.

Mukapeza kuti mwaphonya ndi 0.1, musavutike kuthamangitsa nambala. Ma enzyme amagwira ntchito yaikulu m'mphindi zoyambirira, ndipo mukamathira asidi, kenako soda, kenako asidi, mumangowononga. Lembani m'kope, mudzakonze ulendo wotsatira.

Kodi gypsum wa zomangira nyumba angagwire ntchito?

Ayi. Chilichonse cholowa m'mowa chikhale cholembedwa kuti n'cha zakudya. Gypsum wa zomangira kapena wa m'munda, calcium chloride woumitsira chinyezi, ndi Epsom wosambira wothira mafungo zimakhala ndi zina zimene simungazione.

Ndingayeze ndi supuni?

Michereyi imasiyana kulemera, ndipo ufa wotsendereka sufanana ndi womasuka. Pezani sikelo yoyeza mpaka 0.1 ya galamu. Ndi calcium chloride palinso nkhani ina: amayamwa chinyezi cha mumpweya. Mukasiya botolo lake losatseka bwino, timibulu toyera tija timayamba kunyezimira, kenako timagwirana, pamapeto pake pansi pa botolo pamakhala madzi. Galamu ya wonyowayo ili ndi mchere wochepa kuposa mmene mukuwerengera. Tsekani zolimba mukangotapa.

Mchere wa patebulo ndi wololedwa?

Inde, pang'ono, ndipo ukhale wopanda ayodini. Galamu imodzi m'malita 10 imatha kudzutsa kukoma kwa porter kapena stout. Mowa wa gose wa ku Germany, wodziwika ku Goslar ndi ku Leipzig, umathiridwa mchere mwadala kuti umveke, koma umenewo ndi mtundu wapadera.

Ndimafulula ndi chimera chokonzakonza cha m'chitini kapena cha ufa. Zimenezi zikundikhudza?

Pang'ono chabe. Amene anapanga chimeracho anaphika kale phala ndi madzi awo, ndipo michere yawo inatsalira momwemo madzi atauma. Nkhani ya pH ya phala yatha kale. Inu chotsani klorini, gwiritsani ntchito madzi opepuka, ndipo ngati mukufuna kukometsa, thirani gypsum kapena calcium chloride wochepa kwambiri mumphika.

Ndingadziwe bwanji chimene ndimakonda osawononga mphika wonse?

Yeserani m'kapu, ndi mowa wopsa kale. Sungunulani galamu imodzi ya calcium chloride dihydrate m'mamililita 100 a madzi oyera. Mililita imodzi ya madzi amenewa mukaithira m'mamililita 100 a mowa imawonjezera chloride pafupifupi 48 ppm. Pa sulfate gwiritsani ntchito Epsom mwanjira yomweyo, chifukwa gypsum sangasungunuke wochuluka chotero m'madzi ochepa. Mililita imodzi ikupatsani sulfate pafupifupi 39 ppm, ngakhale magnesium wake amawonjezera kakuwawa kakekake. Sirinji yaing'ono imayeza bwino.

Konzani makapu atatu: ina ya mowa wosathiramo kanthu, ina ya chloride, ina ya sulfate. Wina akusinthireni malo a makapuwo inu osaona, chifukwa lilime limakonda kumva zimene mutu wauzidwa kale. Ngati simukutha kusiyanitsa, onjezerani mililita ina mpaka mutamva. Nambala imene mwayamba kumvera kusiyana, ndi imene mwayamba kuipidwa nayo, ndizo malire anu pa mowa umenewo.

Ndingazindikire bwanji kuti ndapyola muyeso?

Mowa wochuluka michere umasiya kaufa palilime ndipo umamveka ngati madzi a m'thanthwe. Sulfate wambiri amapangitsa kuwawa kukhalitsa kukhosi mokanda. Chloride wambiri amaupangitsa kulemera ndi kuterera, osathetsa ludzu. Magnesium wambiri amabweretsa kuwawa kosakanikirana ndi kuwawasa, pomwe soda wambiri amaupha mowa, umangomveka zii, nthawi zina ngati sopo. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, ulendo wotsatira dulani mchere wokayikitsawo ndi theka, ndipo chimera, hops ndi yisiti zikhale zomwezo kuti mudziwe chimene chasintha.